Chigamba M'nthiti mwa Tayala

Wapolisi anatuluka naye m'chitolokosi atamuvula lamba, dzanja limodzi litagwira thalauza m'chiuno. Make Nunu anayamba wayang'ana dzanja limenelo, kenaka mapazi opanda nsapato, n'kumalizira nkhope. Panali patangopita masiku ochepa, koma mwamuna wake anali atafota ngati munthu amene wagona pamphasa mwezi wathunthu. Pachipumi panali bala limene galasi linamucheka, ndipo palibe amene analitsuka.

Nkhani yake aliyense ankaidziwa, ena kuposa eni ake. Lolemba m'mawa, mvula ikugwa, mwamunayo ankayendetsa galimoto ya kampani yophika buledi monga mwa masiku onse. Potsetsereka pafupi ndi mlatho tayala lakutsogolo linaphulika, galimoto inasiya msewu n'kukagunda mayi wina amene ankasesa m'mbali. Mayiyo anamwalira asanafike kuchipatala. Amene anaona ankati buledi anamwazika mpaka m'ngalande, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatola. Apolisi atayang'ana tayala lophulikalo anapeza kuti silinali limodzi mwa matayala atsopano amene mwini kampani anagula. Linali lakutha, lopakidwa polishi kuti lioneke lanyuwani. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo: dalaivala anaba tayala labwino n'kuikapo chinyalala, chinyalalacho n'kupha munthu.

Wapolisi anawalozera pa benchi pakhonde. Make Nunu anamasula mwana kumsana n'kumuika pamiyendo ya bambo ake, maso ali pa timanja take kuti tisagwire khoma, chifukwa khomalo linali lakuda ndi thukuta la anthu. Kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti zinayenda bwanji.

Mwamuna wake anafotokoza ngati mwana amene waloweza ndakatulo. Atangomaliza sitolo zoyamba anaponda msomali. Anaima, anakwawira pansi pa galimoto m'matope, anamasula tayala la sipeya limene limakhala lomangirira kunsiko, analiika kutsogolo n'kupitiriza ulendo. Zotsalazo ndi zimene anthu akunena.

"Ndiye lomwe linaphulika ndi la sipeya?"

"Ndi la sipeya."

"Munaliona musanaliike?"

Iye anayamba kusewera ndi phazi la mwana. Anati mvula inali yambiri.

"Sindinafunse za mvula, bambo a Nunu."

Make Nunu ankamudziwa mwamuna wake. Anali munthu woti ngakhale njinga ya neba ikadutsa ndi tayala lofewa, amatuluka panja kukamuuza mwini wake kuti apope. Munthu wotero sangamange tayala pagalimoto osaliyang'ana, kaya kugwe mvula kaya matalala.

Wapolisi anati nthawi yatha. Mwamunayo anapereka mwana, anaimirira, anagwiranso thalauza. Atafika pakhomo anacheuka.

"Kukampani musapiteko. Mwamva? Khalani pakhomo, mwana asamayende m'mphepo."

Make Nunu anali asanatchule n'komwe za kukampani.

* * *

Sajeni amene anagwira nkhaniyo anali munthu wamtali, wa chifuwa chosatha, wokonda kutafuna kamtengo ka machesi. Make Nunu anamudikira pakhomo la ofesi mpaka miyendo inachita dzanzi. Atatuluka anamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti alione tayalalo.

"Mayi, akazi anzanu amapempha kuona amuna awo. Inu tayala?"

"Mwamuna ndamuona kale."

Sajeni anaseka, kuseka kwake n'kuthera m'kutsokomola. Anapita naye kuseri kumene galimoto zangozi zinkawolera mu udzu. Ya buledi inali kumapeto, mphuno itaphwanyika. Pansi pa bampala panali patakodwa timitengo ta tsache. Make Nunu anakokera nsalu pamutu pa mwana ngati kuti mwanayo angamvetse zimene akuona.

Akuyenda, Sajeni anamuuza kuti nkhani ikupita kukhoti sabata yamawa. Anati dalaivala amene wachita ngozi chifukwa wina anamupatsa tayala loipa, khoti limamumva ndi khutu lachisoni, nthawi zina amangomulipitsa kapena kumulanda laisensi. Koma amene anaba yekha, kuba kwakeko n'kuphetsa munthu, ameneyo ndi nkhani ina. Anayang'ana kamutu ka Nunu kamene kanatulukira m'nsalu.

"Uyu adzakhala atasintha mawu, bambo ake akamadzatuluka."

Make Nunu anafunsa kuti n'chifukwa chiyani akuganizira mwamuna wake yekha, poti galimoto imagwiridwa ndi anthu ambiri. Sajeni anati chifukwa Loweruka galimotoyo inagona kunyumba kwawo, osati kukampani. Zimenezo zinali zoona. Nunu anali atatentha thupi, ndipo anali iye mwini amene anaumiriza mwamuna wake kuti apemphe galimoto awaperekeze kuchipatala. Make Nunu anati iye sanagone n'komwe usiku umenewo, ankamvetsera kapumidwe ka mwana, ndipo galimoto inali pazenera penipeni. Akanamva kulira kwa sipanala.

"Umboni wa mkazi wa munthu ndimalemba, mayi, koma kukhoti amauwerenga akuyasamula."

Tayala linali litatsamira mpanda wa waya. Make Nunu anagwada, analipukuta ndi chala, chala n'kuda. Ananunkhiza. Anali polishi wa nsapato. Mizere yake inali yozama ngati ya tayala latsopano, koma yokhotakhota ngati mizere ya mwana amene walemba popanda lula, ndipo pansi pa mizereyo pankaoneka ulusi. Analipendeketsa n'kusuzumira m'kati. M'nthiti mwake munali chigamba chakuda chitakanganuka theka. Kung'ambika konse kunayambira pamenepo, monga mmene diresi imayambira kung'ambika pa bowo la batani. Pansi pa chigambacho panali patatsala mbali ina ya bowo, losalala, lozungulira bwinobwino, loti chala chingalowe.

Sajeni anati chigambacho anachiona kale. Omata matayala a m'mbali mwa msewu amamata chilichonse, ngakhale mphika.

"Koma bowo la mwala kapena la chitsulo silikhala lozungulira chonchi," anatero Make Nunu. "Ili wina anachita kuboola."

Sajeni anachotsa kamtengo mkamwa, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwina," anatero akuweramuka. "Koma bowo sindingalitsekere m'chitolokosi."

* * *

Kukampani anapitako masana omwewo. Njira ankaidziwa chifukwa achimwene ake ankagwira ntchito komweko. Ndiwo anali makaniko wa galimoto zonse, anthu ankangowatchula kuti a Sipanala, ndipo ndiwo anamupezera mwamuna wake ntchito ya udalaivala. Makolo atamwalira, achimwene akewo anasiya sukulu n'kuyamba kugona pansi pa malole kuti mlongo wawo afike kusekondale. Make Nunu ankayembekezera kuwapeza m'galaja kuti amulimbitse mtima, koma chitseko chinali chokhoma. Mlonda anati a Sipanala sanabwere chichitikireni ngozi, akuti za mlamu wawo zawadwalitsa. Make Nunu anamva kutentha m'maso. Kani panali wina amene akulira naye limodzi.

Mwini kampani, amene onse ankangoti Madamu, anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula mothamanga ngati akuopa kuti basi imusiya. Poyamba sanamupatse mpando. Ataona mwana kumsana, anakankha mpando ndi phazi.

Sanadikire kufunsidwa. Anati matayala amenewo anasankha yekha, ndipo sanali otchipa. Anali aja opepuka poyenda, oti galimoto siimwa mafuta ambiri ndipo siifukiza utsi m'nkhope za anthu. Anzake ankamuseka kuti Madamu akufuna kupulumutsa dziko ndi galimoto za buledi. Iye sanawamvere, anagulira galimoto iliyonse matayala onse, ndi la sipeya lomwe. Lamulo lake linali loti m'mawa uliwonse, matayala asanatenthe, dalaivala ayeze mpweya, chifukwa tayala lofewa limakoka ngati phazi la mumchenga, limadya mafuta, limathanso msanga m'mbali. Mwa madalaivala onse, bambo a Nunu okha ndi amene ankachita zimenezo osawakalipira. Sankanyamuka mwaukali, sankaponda buleki mwadzidzidzi, matayala awo ankakhalitsa kuposa a wina aliyense.

"N'chifukwa chake zikundiwawa, inu mayi. Akanakhala enawa ndikanati ndi khalidwe lawo. Ndinapita kumaliro a mayi uja. Wasiya ana, wina msinkhu wa wanuyo."

Make Nunu anamuuza za chigamba ndi bowo lozungulira. Madamu anaima, dzanja lili m'mwamba. Anafunsa ngati bowolo linali m'nthiti, pafupi ndi zilembo. Linali pomwepo. Anafunsa ngati chala chingalowemo. Chikanalowa.

"Ndi lathu limenelo," anatero, mawu atatsika.

Anafotokoza kuti pakampanipo tayala likatha saliwotcha, chifukwa utsi wake umakhala m'zifuwa za ana a anthu. Saligulitsanso, chifukwa ogulawo amalibwezera pamsewu. Amaliboola m'nthiti, malo amene chigamba sichingalimbe, kuti lisadzayendenso, kenaka amapereka kwa mkulu wina wodula nkhwayira, nsapato za matayala zija, kuseri kwa msika.

"Amaboola ndani?"

"Achimwene anu, ine nditaima pomwepo."

Madamu anali atamaliza kale kuganiza. Anati ndiye kuti mkulu wa nkhwayira uja amamata matayalawo n'kumagulitsa, ndipo bambo a Nunu anakagula kwa iyeyo. Anatenga foni kuti auze apolisi. Make Nunu anamupempha kuti adikire kaye, apite yekha akamve.

Madamu anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, anayang'ananso mwana.

"Pitani. Koma mukapeza zimene simukuzifuna."

* * *

Mkulu wa nkhwayira ankagwira ntchito pansi pa kadenga ka malata, pakati pa wowotcherera mapoto ndi ngalande. Anali wa imvi, wa mano ochepa, koma pakamwa pake sipankatsekeka. Anayamba ndi mapazi a Make Nunu asanamuone nkhope.

"Dona, nsapato zimenezo zakutumikirani mokwanira, zipatseni penshoni. Tengani zangazi. Ukwati utha, nyumba igwa, izi zidzakhala zikuyendabe."

Make Nunu anayala nsalu pamalo ouma, anayang'anitsitsa kuti palibe msomali, n'kumukhazika Nunu. Atafotokoza chimene wabwerera, mkuluyo anagwira pachifuwa ngati wabayidwa. Anati iye kumata tayala? Ntchito yake ndi kudula. Anamuonetsa mulu wa matayala a kukampani, lililonse ndi bowo lake m'nthiti. Anati tayala lobooka m'nthiti ukalimata lili ngati mtembo wovala suti, kukongola kokha, koma usautume kumsika. Anati Madamu ndi mayi wabwino, kungoti akayamba kulankhula za utsi, munthu umafuna utakomoka kuti upume.

Make Nunu anafunsa ngati matayala onse obooledwa amafika kwa iye.

Mkuluyo anati onse. Kenaka anakanda m'mutu. Anati kupatula ulendo watha. Atapita kukatenga anapeza kuti limodzi palibe, ndipo linali lomwe iye analiika diso, la mnofu wabwino. Atafunsa, a Sipanala anati Madamu alitenga kuti adzalemo maluwa. Iye anadabwa, poti pabwalo la Madamu ndi simenti yokhayokha, koma munthu wongopatsidwa ungafunse chiyani?

Make Nunu anadziuza kuti mwina Madamu anaiwala, mwinanso anatengadi la maluwa. Anafunsa za mizere yokhotakhota, kuti tayala lakutha lingakhale bwanji ndi mizere yozama.

"Aa, zimenezo ndi za anthu opanda mantha, dona. Amalisema. Taonani."

Anatenga kachitsulo kopinda ngati mbedza, anakaika pambaula ya wowotcherera mapoto mpaka kanafiira. Anakokera chidutswa cha tayala pakati pa mawondo n'kuyendetsa kachitsuloko mumzere wakutha. Kunatuluka utsi wakuda wonunkha, ndipo kutsogolo kwa kachitsulo kunkatuluka kachingwe ka labala, kopyapyala, kopiringizika ngati nyongolotsi, kopserera m'mbali. Mkuluyo ankalankhulabe. Ankati ukasema choncho umadya mnofu womaliza wa tayala, pamatsala ulusi wokha, kenaka polishi, basi wogula wasangalala.

Kachingweko kanagwa pansi. Nunu anakwawa n'kutambasula dzanja.

Make Nunu anakatola mwana asanakagwire. Anali wozolowera, maso ake sankachoka pa manja a mwanayo. Koma atakagwira m'zala, kakadali kofunda, anaima osasuntha.

Sikanali koyamba. Lamlungu lina mwezi watha anapita kukacheza kwa achimwene ake. Nunu ankakwawa pakhonde lakuseri, kenaka anakhala chete, kukhala chete kuja kumene mayi aliyense amakuopa. Anamupisa chala mkamwa n'kutulutsa kachingwe kakuda. Alamu ake, akazi a achimwene akewo, anaseka, anati ndi zinyalala za bambo a kunyumba kuno, zimenezi zimangopezeka paliponse. Pabwalo pankanunkha chinthu chopserera, iye n'kumayesa kuti aneba awotcha zinyalala. Tsiku limenelo sanakataye kachingweko. Anakakulunga m'kapepala n'kukaika m'kathumba kam'mbali ka chikwama cha matewera, kuti mwana akayamba kutsegula m'mimba akaonetse anesi chimene anadya. Mwana sanadwale, iye n'kuiwala.

Anatsegula zipi. Kapepala kanali momwemo, pansi pa botolo la mankhwala a chifuwa. Anayala tizingwe tiwirito pachikhatho. Tinali tofanana, kupyapyala kwake, kupiringizika kwake, kupserera kwa m'mbali.

Mkulu uja anasiya nthabwala.

"Kameneko mwakatola kuti, mwana wanga?"

Make Nunu anabereka mwana, anamanga nsalu mothina mpaka Nunu anayamba kulira.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika kwa achimwene ake. Ana anamuthamangira pageti akulimbirana kunyamula Nunu. Alamu ake anatuluka m'khitchini akupukuta manja, anamukumbatira, anamufunsa za kupolisi, anati iwo akupemphera. Anati bambo a kunyumba kuno sakudya, akungokhala kuseri ngati nkhuku yodwala, mwina akaona mlongo wawo alankhula.

Anawapeza atakhala pa chitini cha oilo, manja ali pakati pa mawondo. Khonde linali losesedwa bwino, bwino kuposa masiku onse. Make Nunu anapereka moni atagwada monga ankachitira kuyambira ali mwana. Kenaka anatambasula kapepala n'kukaika pabondo pawo.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti n'chiyani.

"Tayala la sipeya siliyenda, mlongo wanga," anatero pamapeto pake. "Zaka zonse ndagwira ntchito imeneyi, limangolendewera kunsi mpaka kuwola. Siliyenda."

Mawu anayamba kutuluka okha. Anati tsiku lina ali pansi pa galimoto analiona tayala latsopanolo, lisanapondepo msewu, likungodya fumbi. Madamu mwini amati kutaya zinthu ndi tchimo, nanga kumeneko sikunali kutaya? Wataxi wina analifuna. Iwo anati aikepo chinachake chongotseka maso, mwezi umodzi kapena iwiri, adzabwezeretsa. Anasankha galimoto ya mlamu wawo dala, chifukwa mlamu amayendetsa mosamala, sakwera miyala, saphulitsa matayala. Za msomali sanaziganizire.

"Bambo a Nunu akudziwa kuti ndi inu."

Sikunali kufunsa, koma iwo anagwedeza mutu. Anati Lolemba lija mlamu anawaimbira foni ali m'mbali mwa msewu, mvula ikumveka. Mlamuyo anati alamu, tayala lili kunsi kunoli ndi lanji, si lathu ili. Iwo anamuuza kuti asadandaule, alimange, ayende pang'onopang'ono, lifika. Madzulo asintha, Madamu asadziwe.

"Munati lifika."

"Ndinkayesa lifika."

Make Nunu anaona mwamuna wake m'maganizo, ali m'matope, foni pakhutu, akumvera munthu amene anamupezera ntchito, amene anaima ngati bambo pa ukwati wawo. Anamuonanso pa benchi paja akusewera ndi phazi la mwana kuti asayang'ane mkazi wake m'maso.

Achimwene ake anawerama pafupi, mawu atatsika kuti akazi awo asamve. Anati aganize bwino. Akanena za iwo, zidziwikanso kuti mwamuna wake ankadziwa kuti tayalalo si labwino, ndiye alowa onse awiri, nyumba ziwiri zigwa m'malo mwa imodzi. Mlamu ndi munthu wofatsa, mbiri yake ndi yoyera, khoti limuchitira chifundo. Nthawi yonse imene adzakhale m'kati, iwo adzasamala iye ndi Nunu, palibe chimene adzasowe. Kodi sanasamalepo kale?

Zimenezo sanafunikire kumukumbutsa. Make Nunu ankakumbukira yunifomu yake yoyamba ya kusekondale, mmene anaibweretsera itakulungidwa m'nyuzipepala kuti manja awo a girizi asaidetse. Anayang'ana manja omwewo, zikhadabo zakuda, chala chimodzi chopindika chimene jeke inachiphwanya iye ali fomu thuu.

"Anakufunsani, achimwene. Inu makaniko. Munamuuza kuti lifika. Zimenezo akanena kukhoti, amumva. Koma sanena, chifukwa akuopa kundilanda inu."

"Ndiye musiye asanene."

"Akuti akamadzatuluka, Nunu adzakhala atasintha mawu."

Kutsogolo kwa nyumba ana ankaimba, akumuvinitsa Nunu. Make Nunu anatenga kapepala kaja pabondo pawo. Ankaganiza kuti amugwira dzanja, koma sanamugwire.

Alamu ake anamuletsa kupita asanadye. Iye anati mwana sanamwe mankhwala. Akubereka, achimwene ake anatulukira pakona ya nyumba atavala jekete. Anati amusiye, mwanayo anyamula ndi iwo, amuperekeza.

* * *

Masiku onse akamamuperekeza ankabwerera pagolosale ya pakona. Tsiku limeneli anadutsa pagolosalepo osaima. Nunu anali paphewa pawo, akukoka khutu la amalume ake n'kumaseka. Anadutsa potsukira galimoto, anadutsa pasiteji ya minibasi. Make Nunu sanakwere, iwonso sanafunse chifukwa chake. Pamphambano, pamene njira ya kunyumba kwake imapatuka, iye anatenga ya kumanzere, yopita kupolisi. Anamva mapazi awo akutsatira.

Mtima wake unayamba kupepuka pang'ono. Mwina alowa okha. Mwina iye sadzatsegula pakamwa, adzangokhala pa benchi panja ndi mwana, achimwene ake n'kunena okha zonse monga mwamuna, monga ankachitira kale akalakwiridwa iye kusukulu, kulowa mu ofesi ya ahedi chipewa chili m'manja. Anachepetsa liwiro kuti ayende nawo limodzi. Ankafuna kuwagwira jekete monga ankachitira ali wamng'ono akamaoloka msewu.

Magetsi a m'sitolo anali atayamba kuyaka pamene anafika pageti la polisi. Achimwene ake anaima. Anayang'ana mbendera, anayang'ana khonde, anayang'ana wapolisi wa mfuti amene anakhala pa mpando pakhomo. Anamutsitsa Nunu paphewa, anamukonza chipewa, n'kumuika m'manja mwa mayi ake.

"Ine ndibwerere pano," anatero.

"Achimwene."

"Uyende bwino. Mwanayu wazizidwa."

Anatembenuka. Sanathamange, sanacheuke. Ankayenda ngati munthu amene waperekeza mlendo ndipo akupita kukadya. Make Nunu anawayang'ana mpaka jekete yawo inasakanikirana ndi anthu oweruka kuntchito. Nunu anatambasula manja kumene analowera n'kuyamba kulira.

Sajeni anali akutseka zenera la ofesi. Atamuona anapumira m'mwamba, koma anakhalanso pansi. Make Nunu anayala kapepala patebulo n'kufotokoza zonse mwadongosolo: bowo la Madamu, tayala limene silinafike kwa mkulu wa nkhwayira, kachingwe ka mkamwa mwa mwana, foni ya m'mvula. Ya foni sanaibise. Sajeni anasiya kutafuna. Anati foni imeneyo ifufuzidwa, wataxi apezedwa, ndipo zikagwirizana, mlandu wa kuba uchoka pamutu pa mwamuna wake. Za mlandu wa ngoziwo sangalonjeze, koma zaka zija aziiwale. Kenaka anafunsa kuti makanikoyo ndi ndani wake.

"Achimwene anga. Ndiwo anandilera."

Sajeni anamuyang'ana, cholembera chili m'mwamba. Kenaka anaitana wapolisi wina kuti atulutse galimoto, n'kufunsa njira.

Make Nunu anafotokoza. Mukadutsa potsukira galimoto, kenaka golosale ya pakona, nyumba yachitatu, geti la malata. Anasiya kaye, anamusuntha mwana amene anali akusisimabe pachifuwa pake.

"Musalowere kutsogolo, chonde. Nthawi zino ana amakhala pakhonde. Kuseri kuli kanjira."